Nsima ya Munthu Amene Sanabwere

## Ikamakwana 8 koloko

Chaka chatha, kuyambira Malichi mpaka Julayi, foni yanga sinkapuma. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ikamakwana 8 koloko usiku ndinkaponya mutu umodzi wa nthano yanga yaitali m'gulu la pa WhatsApp. Mitu 10 yoyamba ndinaiika yaulere pa Facebook, ndipo anthu atakodwa ndinatsekera yotsalayo m'gulu, wofuna kulowa atumize K500 ya mwezi pafoni. Tinafika anthu 180. Kwa mphunzitsi wa pulayimale wochita lendi pa boma pano pa Mangochi, imeneyo si ndalama yoiseka. Lendi inkachoka pamenepo, ya ndiwo n'kutsalako.

Nthanoyo inali ya kunyanja. Mwini chilimira wina, ukonde uja wophera usipa, anakhwimira chuma, mng'ono wake n'kumira usiku wa mwera, ndiye mkazi wa womirayo akuyamba kulondola chimene chinadya mwamuna wake. Munali sing'anga wa ku Mozambique, munali mkazi wachiwiri wobisika ku Monkey Bay, munali chikwama cha ndalama chokwiriridwa pansi pa thandala la usipa. Mutu uliwonse ndinkaudula mtima wa munthu uli m'mwamba: chitseko chagogodwa, foni yalira pakati pa usiku, wina watsegula kalata n'kukomoka. Ndikachedwa ndi mphindi 20, mauthenga ankagwa ngati matalala. "Aphunzitsi, mwatisiya m'malere." "Ponyani ina, tulo sitibwera." Mayi wina wa ku Lilongwe anandiuza kuti anapsereza ndiwo akuwerenga mutu wa 14.

Ndinkanyadira, sindibisa. Munthu ukamalemba m'Chichewa umatopa nako kumva kuti Amalawi sawerenga. Apa anthu ankawerenga, mpaka kulipira.

## Pakhonde ku Makawa

Loweruka lina mu Juni ndinakwera minibasi ya ku Monkey Bay n'kutsika pa Makawa kukaona mayi aakulu, akulu awo a mayi anga. Mwera unali utagundika kuyambira Lachinayi. Nyanja inali yotuwa, ngalawa zonse zili pamtunda, asodzi akusoka maukonde pansi pa mitengo. Ndinawapeza pakhonde akutongola chimanga m'lichero. Maso awo anachita ng'ala, saona patali, koma manja amadziwa okha ntchito.

Mdzukulu wina anali atawatsina kale khutu. Titangopatsana moni anati, "Akuti iwe ukumalemba nthano pa lamya, anthu n'kumakulipira. Tatiwerengereko, nafe timve."

Ndinasankha mutu wa 14, uja wopsereza ndiwo. M'menemo mkazi uja wamva kuti mwamuna wake wamira. Akuthamangira kudoko, akudzigwetsa pamchenga, akugubuduka, akung'amba chitenje, akutukwana nyanja, anthu anayi akumugwira. Usiku womwewo ali yekha m'nyumba akumva kugogoda, ndipo pansi pa chitseko payamba kulowa madzi.

Pali chinthu chimene ndiyenera kunena pano, ngakhale chimandilemera. Bambo aakulu, amuna awo a mayiwa, anamira m'nyanja yomweyi mu 1994, ine ndili ndi zaka 6. Sikuti ndinaiwala. Ndinkadziwa bwinobwino, monga umadziwira kuti kuseri kwa nyumba kuli mtengo wa mango. Koma miyezi yonseyo ndikulemba za mkazi wa munthu womira, sizinandidzere m'mutu ngakhale kamodzi kuti mkazi woteroyo ndili naye, anandisambitsapo ndili mwana, ndipo amakhala ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera pamene ndinkalembera.

Ndinawerenga mokweza, ndi mawu a sewero. Chapakati ndinazindikira kuti kaphokoso ka chimanga chogwera m'lichero kasiya. Ndinati nthano yawagwira. Nditafika pa madzi olowa pansi pa chitseko ndinaima, kudikira kuti afunse chotsatira monga ankachitira onse.

Anakhala duu kanthawi. Kenaka anati, "Nanga anaphika?"

"Ndani, mayi?"

"Mkazi wakoyo. Wati ali ndi ana atatu. Tsiku limenelo anadya chiyani anawo?"

Ndinasowa chonena. M'mitu yonse 45 imene ndinali nditalemba, ana atatuwo ndinawatchula kawiri, ndipo sanalawepo kanthu.

"Iwe," anatero akutola chimanga china, "mkazi ameneyu sanadikirepo munthu."

## Bakuli

Sanakwiye ayi. Anayamba kufotokoza mwa phee, nkhope italoza kunyanja kumene sakuonanso.

Bambo aakulu anali siginala. Pa chilimira pamakhala ngalawa za matabwa zonyamula ukonde ndi alovi oukoka, ndiye pamakhala munthu mmodzi m'bwato laling'ono ndi nyali zake, amene amaitana usipa ndi kuwala mpaka usonkhane, n'kupereka chizindikiro kuti aponye. Masiku ano ndi mababu ndi mabatire. Nthawi imeneyo zinali nyali zopopa za parafini. Siginala amakhala yekha, ndipo mphepo ikatembenuka bwato lake ndi limene limayamba kugonja.

Amapita madzulo, amabwera m'bandakucha. Choncho mayi aakulu anazolowera kudzuka tambala woyamba, kuphika nsima, kuika m'bakuli, kuvindikira, n'kuimika pafupi ndi mafuwa kuti isazizire. M'mawa umenewo anachita chimodzimodzi. Ngalawa zinafika mochedwa, alovi akutsika osayang'ana mbali imene iwo anaima. Bwato linapezeka masana litagadabuka. Munthu ayi.

"Sindinagubuduke," anatero. "Ukagubuduka ndiye kuti wavomera. Ukalira, wamupha ndiwe. Anthu anabwera n'kukhala pabwalo apa, koma woyambitsa maliro panalibe, aliyense maso ali pa ine. Ine ndinalowa kukhitchini."

Nsima ya m'mawa ija itauma anapatsa ana ngati mkute, n'kuphika ina, n'kuvindikira. Mawa lake chimodzimodzi. Amuna ankayenda m'mbali mwa nyanja, m'mabango, kufunsa m'madoko, poti anthu amati pakatha masiku atatu nyanja imabweza. Ulendo uno sinabweze. Thupi losambitsa panalibe, sanda inagulidwa n'kungokhala, jeneza silinachoke kumzikiti. Abale athu a mbali imeneyo ndi Asilamu, ndipo mkazi woferedwa amakhala pa eda miyezi inayi ndi masiku 10. Nanga uyamba kuwerenga liti, munthu osamuika? Ashehe ndi akuluakulu anachita kukhalirana pansi. Tsiku lachinayi mwini ukonde anabwera, anapepesa bwinobwino, anasiya ufa, ndipo ponyamuka anafunsa chapansipansi ngati m'nyumba munatsalako nyali ina, poti ziwiri zinapita ndi bwato.

Apa anasiya chimanga n'kupukuta manja pachitenje.

"Tsiku lachiwiri madzulo njala inandipweteka. Chidyereni dzana. Anthu ali pabwalo, ine ndinatenga bakuli lake lija n'kuzemba nalo kuseri, pafupi ndi bafa. Munali nsima ndi mutu wa chambo chowamba, umene ankaukonda. Ndinadya yonse. Ndipo inandikomera, mwanawe. Mpaka lero ndikamva fungo la mutu wa chambo ndimakumbuka kuti mwamuna wanga ali m'madzi, ine ndinadya nsima yake, n'kukoma."

Zaka 30 anazisunga zimenezi. Anati sanauzepo munthu, ngakhale mayi anga.

## Pa nsanja ya wotchi

Nditatsika pa boma madzulo sindinalunjike kunyumba. Ndinayenda mpaka pa nsanja ya wotchi ija ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, imene atsamunda anamanga pokumbukira Mfumukazi Victoria tauni ino ikadali Fort Johnston. Pambali pake pali chikumbutso cha anthu 145 amene anathera m'madzi pamene sitima ya Vipya inamira mu Julayi 1946. Ndadutsapo kosawerengeka. Ana a sukulu ndawabweretsapo, kuwalembetsa chaka ndi nambala m'makope. Tsiku limenelo ndinaima n'kumaganiza za mabakuli. Anthu 145, ndiye kuti m'makomo angati munali chakudya chovindikira? Chikumbutso sichingakuuze, ndipo si ntchito yake. Nyuzipepala ikupatsa nambala ndi mawu a apolisi. Kuzemba ndi munthu mpaka kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa, imeneyo ndi ntchito ya wolemba nthano, ndipo ine ndinali nditadya K500 za anthu 180 osaigwira.

Usiku umenewo ndinawerenga nthano yanga yonse kuyambira mutu woyamba. Ukadziwa kale amene akugogoda pachitseko, m'mitu imeneyo simutsala kanthu. Zinali ngati kutola nzimbe yotafuna kale. Mkazi uja anali wokongola, wokhulupirika, wolira, basi. Mukanamuchotsa n'kuikapo wina wa m'mafilimu omasulira aja timaonera m'nyumba za mavidiyo, palibe akanazindikira. Anthu anga onse ankayankhula Chichewa cha owerenga nkhani pawailesi, pamene pa Makawa munthu amayamba chiganizo m'Chichewa n'kumalizira m'Chiyao, makamaka akapsa mtima kapena akamanena za imfa. Ngakhale nyanja yanga inali ya pa kalendala. Ndinalemba asodzi a usipa akupalasa mwezi uli mbee, pamene mwana aliyense wa padoko akudziwa kuti usipa wa nyali umafuna mdima, mwezi ukawala nyali ilibe mphamvu. Mwa anthu 180 palibe anadandaula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma chimene chinandisowetsa tulo ndi mwini ukonde. M'nthano yanga anali mfiti, wamaso ofiira, woseka yekha usiku. Wa mayi aakulu anali munthu amene analiradi mnzake, anabweretsadi ufa, ndipo nyalizo ankazifunadi, chifukwa pa ukonde umodzi pamadya mabanja ambiri ndipo alovi sakanakhala pamtunda mpaka kalekale. Mayi aakulu anamuda zaka zambiri chifukwa cha funso limenelo, komabe pofotokoza sanamusandutse chilombo. Anati, "Nayenso anali ndi ana." Mfiti yanga inali yosavuta: umaida, ikagwidwa umasangalala, ukagona waiwala. Munthu wa ufa ndi nyali uja sumudziwa pomuika. Amakutsatira mpaka kuntchito, ndipo tsiku lina umadzipeza iwe mwini uli pamaliro a mnzako ukuganiza za ngongole imene anasiya.

## Kukoma si mlandu

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti nthano yokoka mtima ndi yachabe, kapena kuti amene ankalipira aja ndi anthu osaganiza. Ambiri ndi amayi otopa ndi ntchito ya tsiku lonse, alonda a usiku, anyamata athu ali ku Joni amene amafuna kumvako Chichewa asanagone. Kumugwira munthu wotero kuti asaphethire ndi luso, ndipo olemba ena odzitcha ozama alibe lusolo. Buku lawo umawerenga masamba asanu n'kuyamba kuodzera, iwo n'kumati vuto ndi lako. Anganga akamati "padangokhala" ife n'kuyankha "tilitonse", ankadziwa kuima kaye pamene kalulu wagwidwa mwendo. Mayi aakulu omwewa sewero la pawailesi saliphonya.

Komatu nthano za anganga tinkazimva kakhumi, mathero tikuwadziwa, n'kumapemphabe yomweyo. Ndiye kuti chimene chinkatibweza sichinali kufuna kudziwa chotsatira. Munali fisi amene dyera lake tinkaliona mwa amalume ena, munali nyimbo, munali mawu oikidwa pamalo pake moti wofotokoza akasintha limodzi ana ankamukonza.

Kwathu kuno malonda a mabuku ndi ovuta kale. Lowani m'shopu ya mabuku pa boma lililonse, mupeza mabuku a sukulu, mabuku opatulika, makope ndi zolembera. Buku la nthano limayenda malonda likalowa pa silabasi, likatuluka n'kusowa. Choncho wolemba wa Chichewa ali ndi misika iwiri, wa mayeso ndi wa pafoni, ndipo uliwonse uli ndi chimene umafuna. Wa pafoni umafuna kugogoda pachitseko. Wa mayeso umafuna phunziro loti mwana alembe m'mizere iwiri: kuba n'koipa, dyera limapha. Ineyo ndaimapo kutsogolo kwa kalasi kambirimbiri n'kufunsa kuti, "Tikuphunzirapo chiyani pa nkhaniyi?" Tayesani kufunsa funso limenelo pa bakuli la mayi aakulu. Kuti mkazi asamadye mwamuna akasowa? Kuti azidya? Palibe cholemba pabolodi. Mwangomudziwa munthu kufika pamene ana ake omwe sanafikepo, ndipo kuyambira pamenepo mkazi aliyense woima padoko m'mawa, manja atapinda m'chitenje, mumamuyang'ana mwina.

## Nthara ndi wa kwa Kadango

Sabata imeneyo ndinabwereka Nthondo kwa mphwanga amene ankakonzekera mayeso a Fomu 4. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analilemba pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zilankhulo za mu Africa. Linatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Limatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kufa. Mathero ake sadabwitsa: wolemba ndi wa mishoni, ndiye ukudziwiratu kuti mnyamata wakubayo adzatembenuka mtima. Likanakhala la m'gulu langa, anthu akanayamba kutuluka pa mutu wachitatu. Komabe zaka zoposa 90 zadutsa likuwerengedwa, ndipo sindikhulupirira kuti ndi silabasi yokha yalisunga. Ukamaliwerenga wopanda mayeso pamutu umamva anthu akuyankhulana monga amachitiradi pamudzi, pamaliro, pamlandu, polera mwana wovuta. Kwa ine ulaliki wake ndi umene wakalamba. Zimene Nthara anaona ndi maso ake zikadali zamoyo.

Winayo ndi wakwathu konkuno. Jack Mapanje anabadwira kwa Kadango, m'boma lino, mu 1944. Ndi wa ndakatulo, osati nthano zazitali, koma nkhani yake imandithandiza kuganiza. Buku lake loyamba, Of Chameleons and Gods, linatuluka ku London mu 1981. Ndakatulo za m'Chingerezi si malonda olemeretsa munthu m'Malawi muno. Koma mu 1985 bukulo linachotsedwa m'mashopu, m'malaibulale ndi m'masukulu, mu Sepitembala 1987 mwini wake anamangidwa, ndipo anakhala kundende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse. Boma lokhala ndi apolisi, apayoniya ndi wailesi yakeyake linatekeseka ndi kabuku kopyapyala. Ine ndimaona kuti silinawerengere makope ogulidwa. Linaopa munthu amene wayang'anitsitsa n'kunena zimene waona mwa njira yoti wakumva saiwala.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine mutu umodzi ndinkaulemba ola limodzi ndi theka, nditaweruka, chala chili pafoni, mauthenga akulowa pamwamba. Nkhonoyo ikanatulutsa maso nthawi yanji?

## Mutu wa 46

Ndinauza gulu kuti ndipuma sabata ziwiri. Ndinagula kope lachikuto cholimba. Loweruka lotsatira ndinabwerera ku Makawa kukapempha chilolezo, ndipo mayi aakulu anati, "Lemba, ndakalamba ine. Koma dzina usatchule." Ndinagona konko, n'kulawirira kudoko kusanache.

Ndinakulira pafupi ndi nyanja, koma m'mawa umenewo ndi pamene ndinaona doko. Kuwala kwa mababu kukuzima kumodzikumodzi patali. Amayi ogula usipa atakhala pa mabeseni ovundikira, akuwerenga ngalawa ndi milomo yokha osatulutsa mawu. Ngalawa ikamayandikira samayang'ana nkhope za alovi, amayang'ana m'mene yamirira m'madzi, ndipo amadziwiratu ngati lero kuli nsomba. Alovi akutsika milomo itauma, zikhatho zitatuwa ndi chingwe, woyamba kufunsa ndi wa tiyi. Mkulu wina amene anakhalapo siginala anandionetsa mmene ankakhalira m'bwato, miyendo ili kunja mbali zonse ziwiri, ndipo anati choopsa usiku si mafunde aakulu ayi, ndi bata lija limadza mwera usanagwe, pamene nyali imaima chilili osagwedezeka. Mawu amenewo sindikanawapeka ndikanakhala patebulo zaka 10.

Mutu wa 46 unanditengera masiku 13. Ndinabwerera ku tsiku lomira lija n'kulilemba mwatsopano. Munalibe kugogoda, munalibe madzi pansi pa chitseko. Mkazi akuphika, akuvindikira, anthu akhala pabwalo osadziwa ngati alire, mwini ukonde akufunsa za nyali, mkazi akuzemba ndi bakuli.

Gulu silinakondwe. "Aphunzitsi, nanga mzukwa uja uli kuti?" "Talipira kuti tiziwerenga za nsima?" Pofika kumapeto kwa Julayi tinatsala anthu 70. Sindiwaimba mlandu otulukawo. Ndinawalonjeza china n'kuwapatsa china, ndipo amene anafuna ndalama yawo ndinawabwezera. Lendi ya Ogasiti ndinachita kukapepesa kwa alandilodi.

Usiku wina cha m'ma 2 koloko kunalowa uthenga wa mawu. Anali mayi wa cha ku Namwera, akuyankhula motsitsa ngati m'nyumbamo muli ogona. Amuna awo anapita ku Joni mu 2017, ndipo kuyambira 2019 foni yawo sigwira. Kuno ku Mangochi nkhani yotere simudabwa nayo, mudzi uliwonse uli ndi yake. Anati, "Ena amati ndikwatiwe, ena amati ndidikire. Sindine wamasiye, sindine wapabanja. Mkanjo wawo ndimauchapabe Idi iliyonse n'kuusita. Mutu uja ndawerenga katatu. Mwadziwa bwanji, aphunzitsi?"

Sindinadziwe ine, anadziwa ndi mayi aakulu. Ndipo sindinama kuti uthenga umodzi unalowa m'malo mwa anthu 110, poti alandilodi salandira mauthenga a mawu. Koma mutu wa 14 uja, ndi kutchuka kwake konse, palibe anandiuzapo kuti anaubwereza.

## Misozi

Chakumapeto kwa Ogasiti mwera utayamba kufooka ndinapita ndi kope langa ku Makawa. Ndinawapeza akusankha mpunga m'lichero lomwe lija. Ulendo uno ndinawerenga motsitsa, mtima ukugunda kuposa tsiku limene oyendera masukulu anakhala kumbuyo kwa kalasi yanga. Pa alovi otsika osayang'ana anagwedeza mutu. Pa mwini ukonde anati, "Ndi yemweyo." Nditafika kuseri kwa nyumba, pamene ndinalemba kuti mkaziyo ankadya misozi ikugwera m'bakuli, anakweza dzanja.

"Bwereza pamenepo."

Ndinabwereza.

"Misoziyo waitenga kuti?"

"Ndimati owerenga asamuone ngati wouma mtima, mayi."

"Ndiye ukumutchinjiriza kwa yani? Ndinakuuza kuti inakoma. Ndinanyambita ndi zala zomwe. Kulira ndinalira patatha miyezi iwiri, tsiku limene ndinapeza singano yake yosokera ukonde itasomekedwa kudenga. Pamenepo ndiye anachita kundigwira anthu. Koma pa nsima paja ayi. Fufuta."

Ndinatulutsa cholembera n'kudula mzerewo. Ndinawerenganso ndime yonse yopanda misozi: mkazi wakhala pamwala pafupi ndi bafa, watsegula bakuli, wadya, wanyambita zala, watsuka bakuli, wabwerera kukhitchini kukateleka madzi a nsima ina.

Mayi aakulu anatola kamwala mumpunga n'kukaponya pabwalo.

"Eya," anatero. "Pitiriza."